Kumetedwa pa Msika wa Mitundu

Bambo anga anamwalira ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zingapo, mimba itayamba kutsogola. Ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mitundu, komanso mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi tayi ngakhale mu Okutobala. Ndikamadutsa pa njinga, azimayi ankapatuka m'njira ndi mitolo yawo ya nkhuni, ndipo ine ndinkaona kuti n'zoyenera ndithu.

Bambo anali ena. Kwathu, m'mudzi wa kuseri kwa Nathenje, ankadziwika ndi ng'oma. Ankaimba mbalule, ng'oma ija imatsogolera pa gule wamkulu, ndipo anthu ankati akaigwira iwowo, ngakhale nkhalamba ya nyamakazi inkaiwala ndodo. M'tchalitchi sanapondemo chibadwire. Ankati mabenchi amapweteketsa msana, ndiponso nyimbo zathu zimayenda ngati ng'ombe zokoka ngolo yodzaza. Koma ndi iwo omwe anandiperekeza ku sukulu ya mishoni, ndipo nditabatizidwa anangoti zili bwino, pabanja pazikhala mmodzi wodziwa kulankhula ndi Mulungu wa m'buku, mwina tidzamufuna. Chiyambire pamenepo tinkakhalitsana mwaulemu, iwo osandifunsa za kutchalitchi, ine osawafunsa za kudambwe.

Tsono maliro awo anali a gule, ndipo lamulo la mpingo wathu masiku amenewo silinkapita m'mbali: mkhristu akapezeka pabwalo zilombo zikuvina, ankadulidwa mumpingo. Mkulu wa mpingo ndiye osanena. Ndinakhala patali ndi akhristu anzanga, pansi pa mtengo wa mango wa eni ake, titafulatira bwalo, ng'oma zikulira kumbuyo kwathu. Khutu langa linamva kuti amene anagwira mbalule tsiku limenelo ankaphonyaphonya, ndipo chimene chinandipsetsa mtima pa maliro onsewo n'chimenecho. Misozi sinabwere. Ndinadziyamikira kuti ndine wolimba m'chikhulupiriro.

Kwathu maliro akaikidwa, pakapita masiku ochepa abale onse amakhala pansi n'kumetedwa mpala, tsitsi lija n'kukalikwirira. Ndiye kuti mwamumasula womwalirayo, nanunso mwamasuka, mutha kubwerera kumunda. Ine tsiku lometa silinandipeze. Kunamveka kuti mwini dziko, ndiye kuti Pulezidenti, adzadutsa chakwathu poyendera mbewu, ndipo sukulu iliyonse inayenera kukonzekeretsa ana kuimba ndi kukupiza timbendera. Masiku amenewo sunkati pepani ndili pa maliro. Akanakufunsa ngati bambo akowo aposa mwini dziko. Kunena zoona, zimenezi zinandigwera bwino, pakuti ndikanaima bwanji kutsogolo kwa mpingo ndi mutu wa mpala, aliyense akudziwa kumene ndakaumetera? Tinaima pamsewu ndi ana padzuwa mpaka ena kukomoka, galimoto zinadutsa zikuthamanga, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati mwini dzikoyo analimo.

Amayi sanandidzudzule. Bola akananditukwana. Chimene anachita n'chakuti anayamba kundilemekeza. Ndikapita kumudzi ankakabwereka mpando kwa oyandikana nawo, n'kugwada poteropo, n'kundifunsa kuti ayenda bwanji aphunzitsi. Ankandiphera nkhuku n'kundisiya ndidye ndekha m'nyumba, monga ankachitira akabwera alangizi a zaulimi. Mayi amene anandikwapulapo ndi mthiko ndili kale ndi ndevu! Ulemu umenewo unkandiwawa kuposa mbama, ndipo ndinayamba kuchepetsa maulendo. Bambo ndinali nditawataya, amayi nawo ndinkawataya ali moyo, akundiwombera m'manja.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinabwera chikuimba. Chinayambira m'zala. Ndikakhala patebulo m'kalasi, ana akulemba, zala zinkayamba zokha kugogoda, osati kugogoda wamba koma maimbidwe a mbalule enieni, amene ine sindinaphunzirepo dala. Ndinkazindikira poona ana a kumbuyo akugwedeza mapewa. Tsiku lina zinandichita pa msonkhano wa akulu a mpingo, tikuweruza mlandu wa munthu amene anafulula mowa. Mkulu wina wachikulire, amene paunyamata wake anali wa gule asanatembenuke, anandiyang'ana m'maso, ine n'kuona phazi lake pansi pa benchi likuvomereza. Ndinakhalira manja anga mpaka msonkhano kutha.

Kenako chakudya chinasiya kukoma. Kudzuka m'mawa kunasanduka ntchito. Ndinkaima pakhomo n'kuyang'ana zonse zimene ndinazifuna kuyambira ndili wamng'ono, nyumba ya malata, wailesi, njinga, ana ovala nsapato, n'kumadzifunsa kuti kodi ndiye basi? Ndinali nkhokwe yooneka yodzaza, m'kati anankafumbwe atamaliza kale. Pemphero ndiye linandithawa. Ine amene ndinkapemphera mpaka anthu kutsegula diso limodzi kuona ngati ndatsala pang'ono, tsopano ndikati “Atate wathu” ndinkangoima pomwepo, osadziwa kuti ndikuitana atate ake ati.

Panalinso loto limodzi lobwerezabwereza. Ndinkalota ndikuphunzitsa, bambo atakhala pansi kumbuyo kwa kalasi, atavala kabudula wa yunifolomu, maondo ali pamtunda, atakweza mkono. Ine ndinkasankha mwana wina aliyense kupatula iwo. Iwo osatopa, mkono uli m'mwamba, nkhope ili phee. Ndinkadzuka nditatopa kuposa mmene ndinagonera.

Ndiye panabwera za tsitsi. Wondimeta anali ndi mpando pansi pa mtengo kumsika, kalilole wong'aluka atamukoleka pa thunthu. Tsiku lina nditakhala pampandopo, sizasi itangolira pafupi ndi khutu, mtima unagunda ngati ndagwidwa ndikuba, thukuta kuti kamukamu. Ndinanyamuka nsalu ili m'khosi, n'kunama kuti ndaiwala kutseka ofesi. Ndinayesanso mwezi wotsatira, chimodzimodzi. Mayi a kunyumba anabwereka sizasi kwa atelala kuti andimete okha, ine n'kukadzitsekera m'chimbudzi mpaka mtima wawo utatsika. Mapeto ake ndinagula chipewa, tsitsi n'kumakula mwamtendere m'kati mwake.

Mayi a kunyumbawo poyamba ankayesa pali mkazi wina. Anafufuza mwakhama, m'matumba a jekete, kwa akazi a aphunzitsi anzanga, mpaka kwa wogulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu. Atapeza kuti palibe, anakhumudwa. Anandiuza m'maso muli gwa kuti mkazi mnzawo akanadziwa pomugwira, koma izi za mwamuna kukhala pakhonde kuyang'ana nkhuku tsiku lonse alibe nazo nzeru. Anaitana abusa. Abusa athu anali munthu wabwino, sindingawanyoze. Anandiwerengera salimo, anandiuza kuti amuna ambiri a msinkhu wanga amadutsa m'chigwa chotere, anapemphera mpaka iwo eni kugwetsa misozi, n'kudya nkhuku imene ine ndinkailephera. Ine ndinangosirira misozi yawoyo, kuti anthu ena imangobwera chonchi osaivutikira.

Amene ananena zomveka anali mnzanga wosewera naye bawo, wothandiza madokotala pa chipatala cha pafupi, ngakhale tonse tinkangomutchula kuti dokotala ndipo iye sankakana. Anali munthu wowerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira nsomba. Anandimvetsera m'chifuwa, anandikanula maso, n'kunena kuti thupi lili bwino kuposa lake. Madzulo ake tili pa bawo ndinamuuza za loto lija, ndikuyembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anati kunja kuli madokotala amene sagwira jekeseni. Amakugoneka pa mpando wautali, iwe n'kumafotokoza maloto, iwo n'kumagwedeza mutu. Ndinati ndiye asing'anga amenewo, kungoti avala tayi, ndipo iye anavomera kuti kusiyana kwake n'kochepa. Anati monga anawamvera iye, munthu pa unyamata amatanganidwa n'kukongoletsa khonde loti anthu aziona, zonse zosayenera pakhondepo n'kumaziponya kuchipinda, n'kutseka chitseko. Akafika pakati pa moyo, za kuchipinda zija zimayamba kugogoda.

Ndinamufunsa mankhwala ake.

“Kutsegula,” anatero.

“Nanga zikatuluka n'kundidya?”

“Zikukudyani kale, achimwene. Taonani lambayo mwaboola mabowo angati.”

Anandifunsanso chifukwa chimene sindinkawasankhira bambo m'loto muja, poti mkono anakweza bwinobwino monga mwa malamulo a sukulu. Ndinati ndinkaopa zimene angayankhule pamaso pa ana. Iye anati mwina sankafuna kuyankha funso, mwina ankangopempha chilolezo chotuluka. Mawu amenewo anandilasa, moti ndinasokoneza nkhomo pa bawo n'kunena kuti kwada. Anandipatsa mapilitsi a mavitamini kuti mayi a kunyumba aone kuti ndalandirako kanthu, n'kundichenjeza kuti tsitsilo ndilichotse eni dziko asanalione.

Kwa amene anabadwa m'mbuyo muno, ndifotokoze. Nthawi imeneyo boma linkalowa mpaka m'mutu mwa munthu, kunja ndi m'kati momwe. Akazi sankaloledwa buluku kapena siketi yoonetsa maondo, amuna sankaloledwa tsitsi lalitali. Lamulolo linkanena za tsitsi lofika pa kolala, koma lathuli silitsika, limakwera, ndiye muyeso wake unali diso la amene wakugwirayo. Ogwirawo anali anyamata a chipani ovala malaya ofiira. Ankatchedwa anyamata, koma ena anali ndi zidzukulu.

Loweruka lina, nyengo yogulitsa fodya, msika utadzaza mpaka kumsewu, mayi a kunyumba anandituma kukagula usipa. Cholinga chawo chinali chakuti ndipitidweko mphepo. Polowera mumsika anyamata aja anali atamanga chingwe, akuona makhadi a chipani. Khadi ndinali nalo, ndinalitulutsa mwa matama. Koma mmodzi wa iwo, wa imvi m'ndevu, anati munthu polankhula ndi chipani amavula chipewa. Ndinavula. Tsitsi la miyezi yonse ija linadzuka pang'onopang'ono, likudziwongola, anthu onse akuona.

Anandifunsa ngati ndine woimba wa kunja kapena chigawenga. Ndinati ndine mphunzitsi wamkulu, poganiza kuti zindithandiza. Zinangoipiraipira. Anati ngati mphunzitsi wamkulu ali chonchi, ndiye ana akuphunzira chiyani? Anandikhazika pa thumba la mtedza la mayi wina amene ankagulitsa pomwepo, awiri atandigwira m'mapewa, wa imvi uja n'kutulutsa lumo limene linali litadutsa kale pa mitu ingapo tsiku limenelo. Madzi panalibe, sopo ndiye musafunse. Anayambira pachipumi, kulima msewu wopita pakati pa mutu, anthu ataunjikana akuseka, ena akukwera pa ngolo kuti aone bwino.

Ine ndinangoweramitsa mutu, ndikuyembekeza manyazi kuti andiphe. Ndiye tsitsi linayamba kugwera pa maondo anga. Ndinaliyang'ana. Munali imvi zambiri zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo. Ndinaona kuti ndakhala pansi, wina wandigwira, lumo likuyenda, tsitsi likugwa, ndipo thupi langa, limene silinapiteko ku Nkhoma kukaphunzira za uphunzitsi, linazindikira lokha kuti pamenepa ndi pati. Chinachake chinang'ambika pansi pa nthiti. Ndinamva munthu akulira mokuwa, kulira kwa kumudzi kwenikweni, kotchula, ndipo munthuyo ndinali ine.

“Bambo anga ine! Mwandisiyira yani, bambo anga!”

Kuseka kuja kunatha. Kwathu kuno mfuu ya maliro saidutsa. Amayi ogulitsa matimati ndi bonongwe, osafunsa n'komwe kuti wamwalira ndani, anasiya malonda awo, anamanga zitenje m'chiuno n'kudzakhala pansi mondizungulira. Wina anayamba kulira mondivomereza, wina n'kutengera, pakuti palibe mayi wopanda maliro ake amene akuwasungira mumtima. Posakhalitsa pakhomo pa msika wa Mitundu panali maliro athunthu, opanda mtembo. Abambo ena anavula zipewa. Anthu ochokera kutali ankafunsana ngati a malaya ofiira apha munthu.

Wa imvi uja anaima lumo lili m'manja, nkhope itagwa. Pa maphunziro awo onse a chipani sanawauze chochita munthu akayamba kulira bambo ake. Anzake anandisiya mapewa. Anang'ung'udza zoti ndisadzabwerezenso, n'kusuntha ndi chingwe chawo kukaima kuchipata china, ntchito ataisiyira pakati. Ine sindinasiye. Ndinalira mamina ali chuchuchu pa tayi, ndikutchula zinthu zimene sindinkadziwa kuti ndikuzikumbukira, mmene bambo ankawambira ng'oma pamoto, mmene anandinyamulira paphewa powoloka mtsinje tsiku loyamba kupita ku sukulu.

Nditayamba kutsitsimuka, mwini thumba la mtedza uja anandipatsa madzi m'chikho, n'kundifunsa mwaulemu kuti bambowo atisiya liti. Ndinati chaka chatha.

“Mwachedwa,” anatero mayiwo. “Koma malizani, thumbalo sindikulifuna msanga.”

Usipa sindinagule, ndipo kunyumba anadya ndiwo zanji tsiku limenelo sindikudziwa. Chipewa ndinachiiwala pomwepo. Ndinakwera njinga n'kulunjika ku Nathenje, kudzera njira zachidule za m'minda, msewu wanga wa pamutu uli poyera, magazi atauma m'mbali mwake. M'midzi imene ndinkadutsa anthu ankasiya zochita n'kundiperekeza ndi maso, ena n'kugwira pakamwa. Sindinasamale. Njala inandigwira, njala yeniyeni imene ndinali nditaiiwala, mpaka ndinaima n'kupempha nzimbe pa dimba la munthu wosamudziwa. Zala zinkagogoda pa chiwongolero njira yonse, ndipo ndinazileka zigogode.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atatambalala pa mphasa, akutonola chimanga. Atamva njinga anayamba kudzikonza kuti agwade, koma maso awo anakafika pamutu panga n'kuima pomwepo. Anayang'ana, anayang'ananso. Kenako anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, chitsononkho chili m'manja, akundiloza nacho.

“Iwe, wakuchita chiyani mutuwu? Wakutafuna galu?”

Ndinawafotokozera zonse, za chingwe, za lumo, za amayi a matimati. Anamvetsera akupukuta misozi ya kuseka. Ndiye anayang'ana uku ndi uku, pakuti masiku amenewo ngakhale nkhokwe inali ndi makutu, n'kunena chapansipansi kuti chiyambire kugula makhadi, aka n'koyamba kumva kuti chipanicho chagwirako ntchito, ngakhale ntchito yake ndi yosamaliza ngati ya mkamwini waulesi. Anandifunsa kumene kuli tsitsi limene anandimetalo. Ndinati linatsala kumsika, mwina mbuzi zadya. Anati chitsiru chimakhala chitsiru ngakhale chivale tayi, koma latsalali likwana.

Anatereka madzi. Analowa m'nyumba n'kusolola padenga lumo latsopano, likadali m'kapepala kake, kapepalako katada ndi utsi. Sindinafunse kuti lakhala pamenepo kuyambira liti. Anakhala m'mphepete mwa khonde, ine n'kukhala pa dothi pakati pa miyendo yawo, jekete nditavula. Anandinyowetsa mutu, anapaka sopo, n'kuyamba kumeta, tsitsi akulilandira pa chitenje kuti lisagwe pansi. Pakamwa sipanapume. Anandinena kuti ndaonda ngati sindili pabanja, kuti makutu anga akadali aakulu monga kale, kuti mlongo wanga ndiye anametedwa osagwedezeka pamene ine mwamuna ndachita kugwiridwa ndi boma. Ine ndinkangoti eya, eya, mtima uli m'malo.

Anamaliza kumanja, anamaliza kumanzere. Anandikankha mutu kuti ndiwerame, lumo n'kutsikira kumbuyo. Lumo linaima. Ndinamva chala chawo chikuyenda pang'onopang'ono kunkhongo kwanga, pamene pali kadzenje ndi kakhwinya kopingasa, malo amene ine mwini sindinawaonepo, ndipo iwonso anali asanawaone chikulire changa. Chalacho chinapita, chinabwerera, chinapitanso.

“Nkhongo iyi ndi ya bambo ako,” anatero, mawu atasintha. “Zaka zonse zija ndinkayenda pambuyo pake popita kumunda. Ndimayesa inapita yonse kumanda.”

Anatsamiritsa chipumi chawo pamutu panga. Misozi yawo inatsikira m'mabala a kumsika aja, n'kumandiwawa ngati mchere, koma sindinasunthe. Tinakhala choncho, nkhuku zikutola chimanga pa mphasa popanda wozithamangitsa. Kenako anafwenthera pa chitenje, n'kutolanso lumo.

“Usagwedezeke, mwana wanga,” anatero. “Ndingakucheke.”